Mapepala Anga Awiri a Matenda a Maganizo

Kwa Bwana Mkulu wa Bungwe Loyeza Maganizo a Alimi,

Bwana, ndagwada. Ndine Zangaphee Mbewe wa ku Pembamoyo. Sukulu ndinalekezera Giredi 4, choncho ndikalakwitsa musandimangitse. Ndayamba kale kuda nazo nkhawa.

Ndalemba kuthokoza chifukwa cha mafunso anu makumi awiri aja, oyezera ngati munthu akudwala maganizo.

Choyamba, zikomo pondichiritsa. Ine ndine wodandaula chibadwire. Mvula ikagwa ndimaopera mtedza, ikaleka ndimaopera chimanga. Koma mu Juni munatuma Trywell kudzandifunsa. Trywell ndi mkamwini wanga, bwana, anakwatira mwana wanga woyamba. Iye anakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde nditayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wathu. Anafunsa ngati ndimalira ndekha, ngati m'mimba mumandivuta. Kodi mpongozi angauze mkamwini za m'mimba? Ndinakana mafunso onse. Pepala linati ndilibe vuto lililonse. Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa.

Chachiwiri, zikomo pondidwalitsanso. Mu Febuluwale kunabwera a Karen a ku Boma ndi mafunso omwewo. Ngati ndikudya pang'ono: inde, m'nkhokwe munalibe kanthu. Ngati ndimatopa: ndinali nditangochoka kopalira. Ngati ndimamva mawu a anthu osaoneka: dambwe la Gule lili kutsidya kwa dimba langa, ndipo sabata imeneyo kunali maliro, Gule sanapume. Pepala linati ndine wodwala kwambiri.

Ngakhale sikelo ya ogula thonje, bwana, imatibera mofanana Lolemba ndi Lachisanu. Yanu ndi yophunzira, imayeza njala, ulemu ndi ng'oma. A Mariam oyandikana nafe, amene sanatulukepo m'nyumba chimwalirire mwana wawo, inawapeza ali bwino, poti kwathu kuno mlendo sitimuyalira mavuto tsiku loyamba.

Chachitatu, zikomo ponditchukitsa. Anthu anu anawerenga mayina a odwala pamsonkhano, mokweza bwino, langa lili pamwamba. Akuchimuna amene akufuna mwana wanga Tinenenji amva. Ankhoswe akubwera Loweruka kudzafunsa ngati misala ili kumtundu kwathu. Mwanayo waleka kudya, ndipo mukamuyeza lero mupeza kuti misalayo ilikodi.

Pempho langa ndi laling'ono. Mundiuze pepala loti ndiwaonetse ankhoswewo pa awiriwa. Ngati simukudziwa, dziyezeni nokha kawiri, kamodzi pamaso pa apongozi anu, kamodzi mutakhala masiku awiri osadya. Mapepala akagwirizana, munditumizire yankho pa njinga Loweruka lisanafike. Akasiyana, bwerani nokha. Mphasa ndikuyalirani pakati pa ankhoswe, muwafotokozere amene akudwala pakati pa ine ndi pepala lanu.

Ndine wanu wamantha, wathanzi mu Juni, wodwala mu Febuluwale,

Zangaphee Mbewe
Pembamoyo, Chadiza