Masitatisitiki a M'zitumbuwa

Lolemba

Pachipata cha chipatala chathu amata chikalata. Ndachiwerenga katatu, sikelo ili m'manja. Bungwe lina likufuna anthu awiri othandiza pa kafukufuku wa njala kuno kwa Nsamala. Malipiro alipo, komanso thumba la chimanga mwezi uliwonse. Thumba lathunthu! Mayeso ndi Loweruka ku Balaka.

Pansi pake alemba kuti munthuyo adziwe masitatisitiki ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa R. Chilembo chimodzi basi. Ndafunsa anamwino ngati zilembo zinazo zafufutika ndi mvula. Akuti mvula yake iti?

Ine ndakhala ndikupima ana kusikelo zaka zisanu ndi chimodzi mongodzipereka. Manambala sindiwaopa. Avereji ndinkaikhoza ku Fomu 4. Chaka chino singano ya sikelo ikungobwerera m'mbuyo mwana aliyense ndikamukweza, ndipo zimenezo ndikuziona ndekha popanda kompyuta. Koma thumba lija ndikulifuna. Kunyumba ufa unatha sabata yatha. Tikuphika mango awisi, kamodzi patsiku.

Zofunika pofika Loweruka:
buku
kompyuta
munthu wondiphunzitsa
nsapato zooneka bwino

Amuna anga, bambo a Asiyatu, akuti chilembo chimodzi sichingadye sabata yonse, iwo kumadrasa zilembo za Chiarabu anazimaliza zonse asanamere ndevu. Apongozi mu nkhani yonseyi amvamo mawu amodzi, oti thumba. Achapa kale saka yathu yakale, yayanikidwa pampanda.

Lachiwiri

Ku Balaka, wapansi, ndafika dzuwa lili pamutu.

Sitolo yoyamba ya mabuku. Ndati ndikufuna buku lophunzirira R. Mwiniwake wandifunsa kuti R yake iti, yamiyendo kapena yowongoka ija? Ndisanayankhe walowa mkati, wabwera ndi chikwangwani chofiira cha L chomata pagalimoto ya munthu wophunzira kuyendetsa. Akuti ophunzira onse amagula chimenechi. Ndamulembera chilembocho padzanja. Wachiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti yamiyendoyo inatha.

Kulaibulale mayi wake ndi waulemu. Buku la masitatisitiki lilipo, lalikulu, lofotokoza ndi za kompyuta zomwe. Andionetsa khadi lake. Andionetsanso malo ake pashelefu, pamene pali mpata wokwana bwinobwino bukulo. Anabwereka bambo wina kalekale, ndipo bamboyo anamwalira. Akuti ndikhoza kulembetsa dzina kuti likabwera ndikhale woyamba.

Ndalembetsa.

Pobwerera ndadutsa mumsika, mutu ukuzungulira. Ndagula chitumbuwa chimodzi cha gaga choti ndikagawire Asiyatu. Mayi wogulitsa wachikulunga papepala. Nditayenda pang'ono ndaona kuti papepalapo pali girafu yooneka ngati chulu, pansi pake mizere ya manambala, pamwamba chidindo cha laibulale ija!

Ndathamanga kubwerera. Mayiyo akuti mapepalawo anagula pakilo kwa mkazi wamasiye wina amene akugulitsa katundu yense wa mwamuna wake. Kwatsala masamba asanu ndi anayi okha. Wandipatsa atatu, akuti enawo ndi a makasitomala. Mbali yaikulu ya bukulo anagawira mchemwali wake, Abiti Sumani, wogulitsa matemba ku Liwonde.

Ndili ndi tsamba 47, 48, 113 ndi 114, ndi lina lopanda nambala lolembedwa kuti wolembayo akuthokoza mkazi wake chifukwa cha kudekha.

Asiyatu wadya chitumbuwa, kenako wanyambita pepala lake. Girafu ija yabooka pakati.

Lachitatu

Liwonde. Minibasi yaima kanayi kudikira anthu amene sanabwere. Shire waphwa mpaka ng'ona zikuoneka zamanyazi.

Abiti Sumani ndawapeza kufupi ndi mlatho wa baraji, akhala pambali pa dengu la matemba, buku langa lili pamwendo, lopanda chikuto. Ndapereka moni wa Chiyao monga apongozi anandiphunzitsira, ndafotokoza zonse. Akuti pepala lopanda nsomba sapereka, chifukwa masiku ano mapepala nawonso ali ndi njala yawo. Akuti bukuli ndi labwino kwambiri, silidontha.

Tagwirizana motere: ine ndiziingitsa ntchentche, ndipo tsamba lililonse ndiziliwerenga lisanakulunge nsomba.

Poyamba zayenda bwino, poti anthu sakugula. Amabwera, kununkhiza, kufunsa mtengo, kupita. Ndawerenga mutu wonse wa midiyani mwamtendere. Ndi munthu wapakati pamzere, basi! Bwanji osangonena choncho?

Cha m'ma leveni kwafika basi yaikulu. Abiti Sumani amang'amba paliponse pamene dzanja lagwera, kutsogolo, kumbuyo, pakati. Ndaphunzira:
chiyambi cha mutu 9
mathero a mutu 3
theka la tebulo lina lalitali
chithunzi cha bokosi lokhala ndi ndevu mbali zonse ziwiri, sindikudziwa kuti ndi la chiyani

Kenako ndafika pa chinthu chotchedwa sitandadi divieshoni. Ndangoyamba kumva kuti akunena za mmene manambala amamwazikira kutalikirana ndi avereji, tsambalo lapita ndi bambo wina wa chipewa choyera. Ndamutsatira mpaka paminibasi ya ku Ntaja. Ndamupempha kuti amasule matemba ake pang'ono ndione kuseri kwa pepala. Wakumbatira phukusi lake ngati khanda, akuti: "Mayi, tonse tili ndi njala, koma njira imeneyo ndi yachilendo."

Mutu wa kompyuta ulipo wonse, koma uli pansi pa dengu, ukutchinga chinyezi. Zilembo zasanduka zabulauni ndipo pali timamba. Andipatsa waulere.

Mayankho a mafunso onse anali kumapeto kwa buku. Amenewo anapereka kwa mlongo wawo wosuta fodya wopichira. Akuti pepala lake ndi lopyapyala, limayaka bwino.

Kunyumba apongozi anunkhiza chikwama changa, asangalala, aika madzi pamoto. Ndatulutsa mapepala. Sanandilankhulenso.

Lachinayi

Kompyuta ili ku Nkaya, kwa Che Dauda, msuweni wa bambo a Asiyatu. Ndi laputopu imene mlamu wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Amaonetsera mafilimu a karate, koma chaka chino oonera kulibe.

Che Dauda andilandira bwino. Akuti laputopuyo ili ndi malamulo atatu. Batire limakhala mphindi khumi ndi ziwiri. Batani la chilembo E linachoka, pamafunika kubaya ndi kamtengo ka machesi. Ndipo isamayikidwe pamwendo, imaotcha.

Magetsi anazima dzulo. Tatchaja kwa ometa tsitsi, pasola, maola atatu, ine ndikuwerenga mutu wanga wa matemba. Amphaka awiri akhala pafupi nane nthawi yonseyi.

R mulibe mulaputopumo. Pafunika kumutsitsa pa intaneti, ndipo netiweki imagwira pachulu chokha cha kuseri kwa njanji. Takwera pachulu. Che Dauda anyamula foni m'mwamba, ine laputopu pamutu ngati mtsuko. Kamzere kobiriwira kayenda, kayenda, kaima. Batire latha. Kwa ometa. Pachulu. Kwa ometa. Pachulu kachitatu anthu ayamba kusonkhana pansi pake, akuganiza kuti tikulemba mayina a olandira chimanga. Gogo wina wandiuza dzina lake ndi la mudzi wake katatu kuti ndisaiwale.

Cha m'ma folo, R walowa!

Ndamutsegula. Ndimayembekezera matebulo, magirafu, penapake polemba dzina. Iyayi. Chinsalu choyera, ndi kachizindikiro kamodzi kooneka ngati mlomo wa nkhuku, ndi kamzere kakuphethira. Kakungodikira.

Che Dauda akuti ndiyambe ndi moni. Ndalemba kuti moni. Yayankha ndi mawu ofiira kuti moni sakupezeka.

Ndalemba 2 + 2. Yati 4. Che Dauda akuti Alhamdulillah, koma zimenezo foni yawo imachitanso.

Ndakopera mzere wa m'buku wopezera avereji, ndaikamo makilo a ana asanu a kusikelo amene ndimawakumbukira pamtima. Mawu ake ali ndi E. Kamtengo ka machesi kathyokera momwemo. Batire latha.

Lachisanu

Bambo a Asiyatu apita kumzikiti, akuti akandipempherera ine ndi R yemwe.

Mphunzitsi ndamupeza: a Namakhwa, amene ankaphunzitsa masamu kusekondale asanapume. Amakhala okha kuseri kwa tchalitchi. Aonda kwambiri, kolala ya shati ikuzungulira khosi momasuka, koma tayi amanga. Kompyuta sanaigwirepo, akuti safuna, masitatisitiki enieni amachitika ndi manja. Anandiuziratu kuti ndibwere ndi zinthu zowerengeka, zambiri, zazing'onozing'ono. M'nyumba mwathu chowerengeka chatsala ndi chimodzi: mtedza wambewu umene ndinabisa m'chitini padenga. Ndautenga apongozi ali kudambo.

Phunziro ndi la sampulo. Akuti sungafunse anthu onse a m'boma, umatapa ochepa kuti akuuze za onsewo. Mtedza wonse pambale ndiwo anthu a kwa Nsamala. Atapa dzanja limodzi. Tawerenga wofota ndi wonenepa. Ndamva bwino ndithu, amaphunzitsa mokoma munthuyu, mawu awo amasintha akayamba kufotokoza, maso amawala.

Kenako akuti kutapa kuli mitundu iwiri. Pali kutapa kobwezera, pali kutapa kosabwezera. Kobwezera andionetsa kamodzi. Kosabwezera andionetsa kasanu ndi kawiri, chifukwa akuti n'kumene kumabwera pamayeso.

Ndaona nsagwada zikuyenda. Ndikanati chiyani? Bambo wa tayi, amene anaphunzitsa theka la manesi a m'boma lino, akutafuna pang'onopang'ono atatembenukira kukhoma kuti ndisaone.

Anthu a kwa Nsamala atsala ochepa kwambiri pambale.

Potsanzikana andijambulira mabatani a kompyuta pakatoni, mmene akuwaganizira, kuti ndiziyeserera kunyumba. Zilembo aziika motsatana, A, B, C. Andigwira dzanja nthawi yaitali. Akuti: "Mwana wanga, uli ndi mutu wa masamu. Ukabwerenso Lachisanu tidzachite za nyemba."

Chitini ndachibwezera padenga. Chikulira kwambiri ndikachigwedeza.

Loweruka

Nsapato za anamwino, zothina. Ndafika ku Balaka seveni isanakwane, ndapeza bwalo la ofesi ladzaza kale. Azimayi ndi ana kumbuyo, madala a ndodo, aliyense ndi saka yake. Mbiri yamveka kuti kukugawidwa chimanga kwa aliyense wodziwa chilembo R. Ena achilemba padzanja. Bambo wina wabwera ndi chikwangwani chofiira chija.

Apongozi ali kutsogolo kwenikweni kwa mzere. Anyamuka ine ndisanadzuke.

Bwana wa jekete watuluka, wakuwa kuti si chimanga, ndi mayeso. Palibe wachoka. Wati okhawo a satifiketi ya Fomu 4 alowe. Talowa anthu okwana kalasi yathunthu. Makompyuta alipo anayi, ovindikiridwa ndi nsalu. Magetsi kulibe, jenereta ilibe mafuta.

Tadikira mpaka masana. Kenako bwanayo akuti tisavutike, za R zija anangokopera pachikalata cha kulikulu, amene amachita zimenezo ali ku Lilongwe ndipo iyenso sanawaonepo. Kuno akufuna anthu oyenda m'midzi ndi tabuleti. Funso ndi limodzi: ndani ali ndi njinga yakeyake?

Yathu tinasinthanitsa ndi ndowa ziwiri za chimanga mwezi wathawu.

Manja awiri akwera. Mayeso atha.

Ndaimirira, ndati bwana, ine ndikudziwa midiyani, sampulo, ndi theka la sitandadi divieshoni. Akuti n'zosangalatsa kwambiri, ndisataye mtima. Wafunsanso ngati pali wina akumva fungo la nsomba.

Tabwerera limodzi ndi apongozi, nsapato zili m'manja. Njira yonse sanandinyoze. Pamlatho angoti, saka yachapidwa, siiwonongeka.

Lamulungu

Mapazi atupa. Sindikupita kulikonse.

Cha m'ma teni, njinga ziwiri pabwalo. Ndi aja anapambana dzulo, bambo wina wamtali ndi mayi wa magalasi, avala zipewa za bungwe. Akuti akuyeserera ntchito, ndipo nyumba yathu yagwera m'sampulo. Mwa nyumba zonse za kwa Nsamala!

Ndawayalira mphasa. Ndife banja nambala 14.

Dzulo munadya kangati? Kamodzi. Munadya chiyani? Mango ophika. Mayiyo wafufuza patabuleti, mango ophika palibe. Wadina pa zipatso. Akuti mabanja odya zipatso tsiku lililonse ndi ochepa, tipitirize.

Kenako tabuleti yafuna avereji ya zaka za anthu a m'nyumba muno, ndipo yauma, siikuyendanso. Ayang'anana. Bamboyo wayamba kuwerenga zala. Apongozi sadziwa zaka zawo, akuti anabadwa chaka cha dzombe. Zaka za apongozizo ndangoziyerekeza, ndatenga kamtengo, ndawerengera pansi pamchenga, ndawauza yankho. Ndawauzanso kuti apa midiyani ikanakhala bwino, chifukwa zaka za apongozi zikukokera avereji kumwamba. Mayiyo walemba mawuwo kuseri kwa dzanja lake, akuti akafunsa kuofesi.

Ndafunsa kuti mayankho athuwa apita kuti. Akuti ku Lilongwe, akalowa mukompyuta. Chimanga chibwera liti? Funso limenelo patabuleti palibe.

Athokoza kwambiri. Potuluka andisiyira bolopeni ya bungwe, akuti banja lililonse loyankha likulandira imodzi.

Ndi imene ndikulemberayi. Ikulemba bwino.