Mmene Ndinapakila Ufa Wansembe wa ku Falansa

Amene akuti ine Daka ndimanama asendele pafupi, asanong'one kuseli kwa matumba a thonje. Iwe mwana wa a Mwanza, ndakuona. Ukafunse amalume ako ku Kaumbwe ngati si ine ndinaletsa Bambo Jelomu kubwelela kwawo ku Falansa.

Wansembe ameneyu anabwela ali wonenepa, masaya ofiila, koma patapita nyengo anayamba kuuma, anauma mpaka mkanjo unkatsogola wokha iye n'kumatsatila pambuyo, ndipo tsiku lina kamvuluvulu anamunyamula ndi njinga yomwe n'kukamupachika mu mtengo wa masuku ku Kalindawalo. Akuluakulu a mpingo anati basi, munthuyu apite kwawo asatifele. Ife zinatiwawa, poti anali munthu wodya nafe mbewa osakwinya nkhope.

Njinga yake ndinkakonza ndine, ndiye ndinamufunsa chimene chinkamudya. Anati si malungo. Anati kwawo kalekale kunali anthu oyenda m'misika kunena nthano zoseketsa, mizele yake yothela mofanana ngati nyimbo, ndipo wosekedwa kwambili anali wansembe, wadyela, wochezela mkazi wa mlimi mwini ali kumunda, mapeto ake mlimi wapusitsidwa, wansembe wapusitsidwa, mkazi yekha ndiye akuseka. Abale ake ankamunenela zimenezo nthawi zonse akafika pakhomo atavala mkanjo.

"Kuno aliyense amandigwadila, a Daka," anatelo. "Palibe amandiseka. Ndili ndekha ngati mtanda wa padenga."

Ndinati mumtima, kodi matenda ake ndi amenewa? Munthuyu alibe mbuya, mnzake wa mtundu wina wonyozana naye mwanthabwala. Inu mukudziwa, Mngoni ali ndi Mbemba wake womunyoza, womupaka ufa pamalilo, ndipo palibe amakwiya. Mzungu uyu anabwela ndi mabuku, chimbuya n'kuchisiya kwawo. Pomwepo ndinalamula, ine ndekha osafunsa munthu, kuti Afalansa ndi ambuya athu ife Ansenga.

Tsiku lomutsanzika, Misa itatha, katundu atamangidwa kale pagalimoto, azimai akulila, ine ndinatulukila nditavala thumba la feteleza ngati mkanjo, dzungu pamimba, ndikuponda monga amapondela Bambo Jelomu, ndinamuwaza ufa kuyambila kumutu mpaka kundevu, n'kuyamba:

"Abambo anadalitsa munda wa a Tembo,
nkhuku ili mumkanjo, pakamwa pali nyimbo,
amai anati thawani, mwini wafika, Bambo,
nsapato tinakazitola m'mawa kudambo."

Mphunzitsi wa katekisimu anatola ndodo, mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje n'kuuza oyandikana naye kuti sandidziwa.

Kenako Bambo Jelomu anaseka. Mukumva? Anaseka mpaka belu linalila lokha, malata a tchalitchi anauluka n'kukafolela sukulu ku Nyimba ndi misomali yomwe, nshawa za m'nkhokwe zinadziswa zokha makoko uku njele uku, Luangwa inabwelela m'mbuyo kudzamva chachitika n'chiyani, ng'ona zitagwila nthiti, ndipo munthuyo ananenepa pomwepo tikuona, mabatani akuthetheka ngati chimanga chokazinga, limodzi linakagenda nkhanga ku Luembe, ndipo ndiyo inali ndiwo yathu tsikulo. Ndikulumbila, mwendo ndinadya ndine. Pamene anamukweza m'galimoto, matayala onse anaphwa, chitseko chinakana kutsekeka, iye akupukuta misozi yosakanizika ndi ufa n'kuti tsitsani katunduyo, pali mbuya wanga ayenela kubwezeledwa.

Ndipo anabwezela, musaganize kuti anali wofewa. Sabata yotsatila analalika za Yona, n'kuuza mpingo wonse kuti chinsomba chikadameza a Daka chikadawalavula tsiku lomwelo chifukwa cholongolola. Tinanyozana chomwecho mpaka tonse tinachita imvi, ndipo nkhani yopita kwawo sinamvekenso.

Atamwalila, ntchito ya mbuya mukuidziwa. Anthu akulila, ine ndinagogoda bokosi n'kumuuza kuti jekete asiye, poti kumene akupitako sindinamve kuti kumazizila. Bokosi linagwedezeka, linagwedezekanso, onyamula anagwa chagada, bishopu chisoti chili uko, ndipo tinadikila kuti atsilize kuseka tisanamutsitse.

Manda ake ali konkuno, si ku Falansa ayi. Pitani mukaike khutu pansi. Mukapanda kumva kanthu musabwele kudzanditcha wabodza. Iye saseka ndi aliyense, inu si ambuya ake.