Mmene kalasi yonse inadziwira mtundu wa mkodzo wanga

Pali zinsinsi zina zomwe munthu umafuna kupita nazo kumanda. Ine changa ndinachimwaza ndekha, ndi chala changachi, ndipo ukwati wanga unatsala pang'ono kuthera pomwepo.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale cha ku Bangula kuno. Nthawi imeneyo ndinkachita maphunziro a kukoleji, aja ophunzira uli kwanu. Pa phunziro la Bayoloje panali bwalo la zokambirana la pa intaneti, pomwe wina akalemba, onse a m'kalasi amawerenga n'kumayankha. Izi ndikuzidziwa lero. Tsiku lomwe aphunzitsi ankafotokoza za bwalolo ine ndinali ku maliro (musandiweruze, anali malume enieni), ndiye mnzanga anangondiuza kuti ndizilemba pamenepo sabata iliyonse, apo ayi sindilemba mayeso. Nditatsegula pa foni ndinaona kabokosi kolembamo, pamwamba pake dzina la alekichala athu, mayi wina wa mawu ochepa. Mutu wangawu unati basi, apa ndi polembera kalata kwa aphunzitsi.

Funso la sabata imeneyo linali loti tifotokoze kachilombo kamodzi kosautsa anthu m'dera lathu, ndi chitsanzo. Ine mwana wokulira m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, ndinangoti apa ndiye mwandipeza. Likodzo!

Ndinayamba monga munthu woleredwa bwino. Ndinawapatsa moni mayiwo, kufunsa za kunyumba, kuwauza kuti kuno dzuwa likuotcha ngati latikwiyira. Kenako ndinafotokoza za nkhono za m'madzi ndi tinyongolotsi tolowa pakhungu, zonse mwadongosolo. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma ayi, anati chitsanzo, ndipo ine ndinalemba kuti chitsanzo ndine mwini wakene. Ndinawauza mmene tinkamirira m'dambo tili ana pofukula nyika, zija timadya nthawi ya njala, ndi mmene tinkapikisanirana kuti wakodza zofiira kwambiri ndani, poyesa kuti ndiko kukula. Ndinaulula kuti mpaka pano timadontho tomalizira timabwera tofiira.

Ndiye ndinatseka ndi mawu awa, omwe ndikamawakumbukira thukuta limatuluka ngakhale mwezi wa Juni: “Izi zikhale pakati pa inu ndi ine, mayi, poti ndili pafupi kukwatira ndipo akuchikazi sakudziwa.”

Ndinatumiza, n'kupita kukamwa thobwa mtima uli mbee.

M'mawa mwake pa nthawi yopuma foni inayamba kunjenjemera m'thumba osalekeza. Kutsegula, mayina a anthu ndandanda. Wina akuti pepani achimwene. Wina akufunsa ngati mkodzowo ndi wofiira kwenikweni kapena wongoderako (ameneyo ndimamudziwa, ndipo sindinamukhululukire). Wina wa ku Kapichira analemba kuti ndisadandaule, zikhaladi pakati pathu, tonse a m'kalasi muno. Ndinayesa kufufuta, koma bwalolo limalola kufufuta kwa mphindi zochepa chabe ukangotumiza. Ndinadina mpaka chala kuwawa.

Apo m'pamene ndinakumbukira a Zuze. A Zuze ndi mlongo wake wamkulu wa Malita, mkazi amene ndinkafuna kukwatirayo, ndipo ndi amene abale anawasankha kukhala ankhoswe. Nawonso ndi mphunzitsi, nawonso anali m'kalasi yomweyo ya Bayoloje. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mwamuna wamkulu akamakodza magazi anthu saganiza za nkhono. Amaganiza za kuyendayenda.

Ndinafufuza mayankho onse kuti ndione ngati alemba kanthu. Zii. Alekichala anayankha mwachidule kuti nkhani yanga inali yabwino koma ndipite kuchipatala msanga. A Zuze, zii. Panadutsa masiku awiri. Malita akaimba foni ndinkangokamba za mvula.

Loweruka m'mawa ndinamva njinga yamoto ikuima pakhomo. A Zuze, nkhope ili gwa, osatsika n'komwe. Moni anayankha wa pakhosi, kenako anati, “Alamu, valani nsapato.”

Ndinakwera kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Njira yonse ndinkakonza mawu odzitetezera, oti ine ndi Malita yekha, oti afunse aliyense kutchalitchi. Ndinkayesa tikupita kwa akuluakulu a banja, koma anakhotera kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Ndinati eya, akufuna umboni wa dokotala kuti akathetse ukwati ali ndi pepala m'manja.

Titafika poyezera, a Zuze anapempha timabotolo tiwiri ta mkodzo. Ine ndinadandaula, poti madzi omwe ndinamwa m'mawawo sakanakwana kudzaza tiwiri. Anandipatsa kamodzi. Kenako kachiwiri kaja anakalowetsa m'thumba la malaya awo, maso ali kumbali.

Ndinawayang'ana, iwo n'kundiyang'ananso.

“Mukuyesa ine nyika ndinkafukula ndili pamtunda?” anatero motsitsa mawu.

Abale, mpweya womwe ndinatulutsa pamenepo! Ndinaseka mpaka namwino anatuluka kudzatikalipira. Tonse awiri anatipeza nalo likodzo, tonse tinameza mapiritsi akuluakulu owawa aja titadya kaye mabanzi, ndipo tinakhala pa benchi mitu ikuzungulira ngati tamwa kachasu. Pamenepo anandiuza kuti zolemba zangazo anaziwerenga katatu, chifukwa iwo vutoli anakhala nalo zaka zambiri osauza munthu, ngakhale akazi awo. Za ukwati anangoti munthu wonena zoona mpaka mtundu wa mkodzo wake sangamubisire kanthu mlongo wawo, koma Malita ndikamuuze ndekha tsiku lomwelo iwo asanamuwerengere.

Ndinamuuza. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anandikalipira kuti iye ndiye wakhala womalizira kumva. Ukwati unachitika, ndipo ankhoswe anali a Zuze omwewo.

Masiku ano ndisanatumize kanthu pa intaneti ndimayamba ndafunsa kuti awerenge ndani. Koma ndinene zoona: ndikanadziwa kuti ndi pagulu sindikanalemba, ndipo ine ndi alamu anga bwenzi tikukodzabe magazi mwaulemu mpaka lero.