Mabotolo Atatu a pa Chitsime Chathu

Nkhani iyi sindiikamba pa gulu. Ndailemba chifukwa pepala silindiyang'ana m'maso.

Madzi osefukira ataphwa, chitsime chathu cha kudimba chinatsala ndi madzi ofiira ngati thobwa. Mwana wanga Lusiya, wa chaka ndi theka, ankatsegula m'mimba pafupipafupi. Nthawi imeneyo kunabwera ophunzira anayi a ku yunivesite, a zomangamanga ndi za madzi. Aphunzitsi awo anawagawa m'magulu kuti gulu lililonse likagwire ntchito yeniyeni kumudzi. Gulu limeneli linali ndi simenti ndi mapaipi omangira sefa ya mchenga pa chitsime chimodzi chokha, chathu kapena cha mudzi wa kumtunda. Chopezeka ndi madzi oipa kwambiri ndicho chimangiridwe. (Izi ndinazimva mochedwa. Tsiku lomwe ankafotokoza ndinabisala kuseri kwa nyumba, poti ine alendo ovala majombo amandiumitsa pakamwa.)

Aliyense anali ndi ntchito yake. Wina ankayeza malo, wina kujambula, mtsogoleri wawo Yamikani kulemba, ndipo za madzi zinali m'manja mwa mtsikana dzina lake Tadala. Iyeyu anatunga mabotolo atatu pachitsime pathu, nkuwaika m'bokosi la ayezi, nkudzalisiya pakhonde pathu pamthunzi.

"Amake Lusiya, mutisungireko. Madziwa akupita ku Blantyre."

Atapita kukayeza malo, ndinatsegula bokosilo. M'mabotolo munali matope pansi, ndi tinthu tikusambira pamwamba. Manyazi anandigwira. Ndinaganiza za anthu ophunzira a ku Blantyre akukweza botolo m'mwamba nkumafunsana ngati ife a ku Nsanje timamwadi zimenezi. Kwathu mlendo sitimutungira madzi a m'ndowa, timamupatsa a mumtsuko. Ndiye ndinakhuthulira madziwo pa mtengo wa papaya, ndinatsuka mabotolo ndi sopo, nkuthiramo madzi a Lusiya, owiritsa ndi kusefa pansalu. Tadala potenga bokosi anati "takhuta", mawu othokoza a Chisena omwe anali atangophunzira kumene. Ndinagona wokondwa ngati munthu wosunga ulemu wa mudzi wonse.

Patapita milungu itatu ophunzira aja anatiitanira kutchalitchi. Yamikani anati madzi athu apezeka oyera kuposa a pampopi a m'tauni. Anavomera kuti nawonso zinawadabwitsa, mpaka anyamata a m'gululo anakangana ndi Tadala kuti mwina anasokoneza mabotolo, koma masiku a ntchito yawo anali kutha, moti kumtunda anali atayamba kale kumanga. Tadala anangowerama. Apongozi anga anafunsa kuti ndi madzi ati oyerawo, omwe ngakhale mbuzi imayamba yanunkhiza kaye?

Lusiya anali kumsana kwanga, thupi likutentha. Sindidziwa mmene ndinaimirira.

"Ndine ndinasintha madziwo," ndinatero. "Anali akuda."

Kenaka Tadala anayankha pang'onopang'ono: "Akudawo ndi amene timafuna, mayi. Mabotolowo munatsukanso?"

"Ndi sopo. Kawiri."

Wina kumbuyo anaseka nkudzigwira pakamwa. Apongozi anadziphimba nkhope ndi chitenje, nkunena kuti ukhondo wonsewu mbale za kunyumba sizinauonepo.

Anyamata aja anapepesa kwa Tadala pamaso pathu. Iyenso anapepesa kwa ine kuti anandisiyira bokosi osandiuza ntchito yake, ndipo kupepesa kumeneko kunandiwawa kuposa kusekedwa. Anatunganso madzi, bokosi analinyamula pamiyendo mpaka m'galimoto. Zotsatira zinabwera kuti athu ndi oipa kuposa a kumtunda. Koma simenti inali itauma kale. Anati alemba m'lipoti lawo kuti gulu lotsatira lidzayambire kwathu, ndipo tikudikirabe.

Panopa m'mawa uliwonse timanyamula ndowa kupita kumtunda, ulendo woti pobwerera dzuwa limakhala litapsa. Amayi anzanga amandiika patsogolo, akuti ndiziiona bwino njira yomwe ndinawapatsa. Lusiya m'mimba munaleka, ndipo chimenechi ndicho chimandilimbitsa khosi.

Ndinalumbira kuti mlendo akafuna kuona chinthu, ndidzamuonetsa mmene chilili. Mwezi watha alangizi a zaumoyo anabwera kudzaona zimbudzi zomwe zinagumuka ndi madzi, kuti adziwe ofunika thandizo. Ndinawauza kuti adikire pang'ono pakhonde. Ndinali nditatenga kale tsache.