A Sebastiano ndi Unyolo wa pa Mlambe

Kwathu kuno kumunsi kwa Tengani, munthu akakulakwira umamutukwana, umamusumira, kapena umamusiyira Mulungu. Malemu a Sebastiano Nyamizinga analibe nazo ntchito njira zimenezi. Iwo ukawalakwira ankakulowetsa m'mbiri yakale.

Anali mlonda wa mlambe wa padoko, uja boma linauikira chikwangwani choti ndi malo otetezedwa, chifukwa sitima za pamadzi zinkakocheza pamenepo m'masiku a makolo. Pathunthu pake panali unyolo wonenepa ngati mkono wa mwana, womangira sitimazo, ndipo mtengowo pokula unali utaumeza mbali imodzi. A Sebastiano ankasesa, kupirikitsa mbuzi, ndi kufotokozera alendo ndi ana asukulu zimene zinkachitika kale. Mkwapulo wawo unali pamenepo.

Mayi Immaculate a kumsika anawagulitsa tsiku lina mlamba wowamba, kunja kokongola, m'kati mphutsi zikuchita msonkhano. A Sebastiano anangothokoza mwa kwathu kuti, "Takhuta, mayi," n'kumapita. Sabata yotsatira ana asukulu atakhala pansi pa mlambe anamva kuti oyendetsa sitima ina anatsegula m'mimba kuchokera padoko pano mpaka ku Chiromo, chifukwa cha nsomba za mayi wina dzina lake Immaculate.

"Koma bambo," anatero aphunzitsi, "dzina limeneli linaliko kalelo?"

"Aphunzitsi, inu munaliko?"

Pofika madzulo nkhani inali m'nyumba iliyonse. Mayi Immaculate anapirira masiku angapo, kenako anatulukira ndi milamba yonona yokulunga bwino. Kuyambira pamenepo wogulitsa nsomba zowola uja anasanduka mayi wina wa kutsidya, amene dzina lake linaiwalika.

Akazi awo a Sebastiano, mayi Jesinta, munthu wopemphera wa korona m'manja, ankawadandaulira. "Abambo, kubwezera n'kwa Mulungu."

"Ndikudziwa, Jesinta. Ine ndimangomusungira mayina, asamavutike kufunafuna."

Nawonso mayi Jesinta analowamo kamodzi, atawabisira fodya. Anasanduka mkazi wolongolola amene azungu a m'sitima anamukana ngakhale waulere. Tsiku limenelo a Sebastiano anapeza mbale zili zovundikira, moto utazima, mayi akupemphera mwakachetechete. Ndi munthu yekhayo amene anatuluka m'mbiri dzuwa lisanalowe, osaperekanso kanthu.

Koma mlandu waukulu unali wa a Maclean, mnzawo wa ubwana, amene anaweta naye mbuzi ndi kuphunzira naye kupalasa bwato. Chaka china madzi atasefukira, a Sebastiano ali kumsasa wa kumtunda, a Maclean anapita pamlambe ndi sowo, nadula unyolo wonse wolendewera, n'kukamangira ng'ombe zawo kungolo. Pamtengo panangotsala kachidutswa kotulukira m'khungwa ngati mchira wa mbuzi.

"Iwe Maclean," anatero a Sebastiano atabwerako, "chimene chikulira pangolo yakocho n'chiyani?"

"Unyolo."

"Wa ndani?"

"Wa amene akuugwiritsa ntchito. Sitima zinasiya kubwera agogo athu ali anyamata. Ukudikira ndani pamtengopo? Ng'ombe zanga zilipo, thonje lilipo."

"Bweza."

"Nkhabe."

Kukana kumeneku kunawalowa a Sebastiano mpaka m'mafupa. Mlendo aliyense akawerenga chikwangwani ankafunsa kuti unyolowo uli kuti, ndipo iwo ankaopa kuti tsiku lina a boma adzati palibenso choteteza, n'kuzula chikwangwani chawo. Mlambe udzasanduka mtengo wamba wokhomapo zikhomo ndi kusendapo luzi. Anthu anawauza kuti apite kupolisi. Anakana. "Apolisi amamaliza nkhani msanga," anatero.

Motero Maclean anabadwa m'mbiri ya padoko. Poyamba anangoba nsapato za woyendetsa sitima. Unyolo osabwera. Kenako anaba chipewa, belu ndi tambala wa mzungu wodwala. Unyolo osabwera. Chaka chotsatira ndiye amene analozera sitima njira yolakwika dala, n'kukatitimira mumchenga. Mapeto ake Maclean wa m'mbiriyo anagwa m'madzi akuthawa, ng'ona n'kumugwira, kumulawa, n'kumulavula chifukwa chowawa. Apa a Sebastiano ankachita kugona pansi kutsanzira ng'onayo, nkhope itakwinyika ngati yamwa mankhwala a malungo, ana akugubuduzika ndi kuseka.

Ngolo ya a Maclean ikamadutsa, ana ankayimirira m'mbali mwa msewu mwaulemu wonse. "Mwaswera bwanji, agogo? Bala la ng'ona lija linapola?" Alendo ena ochokera ku Blantyre anafika mpaka pakhomo pawo kudzafunsa ngati iwo ali mdzukulu wa wakuba wotchuka uja.

"Shamwali, undichotse," anatero a Maclean atakumana pachigayo. "Mdzukulu wanga analemba zimenezi pamayeso."

"Anakhoza?"

"Anakhoza."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Bweza unyolo."

"Nkhabe."

Anakalamba choncho, wina osabweza, wina osachotsa. Pamaliro ankakhala mkeka umodzi, fodya ankapatsana, koma Loweruka likafika ng'ona inkalavula Maclean monga mwa nthawi zonse.

M'chilimwe chathachi, dzuwa lija limatentha mpaka abuluzi kufuna mthunzi, a Sebastiano anagwa ndi tsache m'manja. Galimoto panalibe. Imene inafika ndi ngolo ya a Maclean, atayalamo mphasa ndi bulangete lawo lomwe. Ali m'njira yopita kuchipatala, wodwalayo anatsegula maso, namvetsera unyolo ukulira pakati pa ng'ombe.

"Jesinta, lero ndakwera sitima."

A Maclean sanacheuke. "Ukachira ndibweza."

"Bweza ndisanachire. Ndimakudziwa."

Sanachire. Ngolo yomweyo ndi imene inawabweretsa kumudzi, ndipo ndi yomweyo inawaperekeza kumanda.

Titamaliza mwambo wa maliro, masana dzuwa lili paliwombo, anthu kumsika anaona a Maclean atasenza unyolo paphewa, mbali ina ikukwekwereka m'fumbi. Palibe anaseka, ngakhale mayi Immaculate. A Maclean anaitana wowotcherera zitsulo naulumikiza pa kachidutswa kaja. Ng'ombe zawo lero zimakoka ndi chingwe. Mayi Jesinta ataona zimenezi analowa m'nyumba. Anatuluka ndi tsache la malemu, napatsa a Maclean m'manja.

Ndiye pano amasesa pamlambe ndi a Maclean. Ana asukulu atabwera koyamba, iwo anafotokoza mbiri yoyera: sitima, katundu, malungo, basi. Ana anayang'anana.

"Agogo, mwasiya wakuba uja."

"Kunalibe wakuba."

"Analipo. Amayi anatiuza, nawonso anamva pomwe pano."

"Chabwino, analipo, koma dzina lake linaiwalika."

"Maclean," anayankha onse pamodzi, ngati pa katekisimu.

Nkhalambayo inayang'ana aphunzitsi kuti aithandize, koma nawonso anakulira pansi pa mlambe womwewo, ndipo anali akudikira ng'ona. A Maclean anaika tsache pambali, nagwada pang'onopang'ono ndi mawondo awo olira, nagona m'fumbi, n'kudzilavula okha.

Masiku ano padoko pali zii. Anthu akalakwirana amangotukwana kapena kusumirana, nkhani n'kutha. Nsomba zowola zabwereranso kumsika, poti palibe woopa kulowa m'mbiri. Mulungu awalandire a Sebastiano, ndipo ngati anapita ndi mayina aja, awawerenge mwachifundo. Chikwangwani chilipo, unyolo ulipo. Ana akabalalika, a Maclean amakung'untha fumbi m'malaya, n'kuyang'ana pamuzu pamene mnzawo ankakhala.

"Ndabweza, shamwali," amatero. "Nanga undichotsa liti?"