Mbalame Makumi Awiri Pofika Loweruka

Lolemba

Magalasi oonera patali afika! Akuda, olemera ngati mwala wonolera nkhwangwa. Watumiza ndi mwana wanga Ethel kuchokera ku Joni, kumene akugwira ntchito pahotela ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Loweruka lililonse iye ndi anzake amayenda pagombe kukaona mbalame. Kuona basi. Osagenda, osatchera, osawotcha. Amalemba maina m'kabuku n'kubwerera kwawo ndi njala yawo.

Akuti: "Adadi, nanunso yambani. Loweruka ndidzaimba, tione waona zambiri ndani."

Ndavomera msangamsanga. Chichokereni mwanayu, chaka chachinayi chino, pafoni timangokamba za mvula ndi mapilitsi anga. Mayi ake, aNangondo, ndiye amangoti "uli bwanji, ife tili bwino," n'kundibwezera foni. Sankafuna kuti apite. Bambo awo anapita kumigodi iwo ali mwana, n'kutchona komweko.

Pulani yanga:
1. Mbalame makumi awiri pofika Loweruka.
2. Gombe kuno kwa Sharpevale tilibe, koma mchenga wa kumtsinje ulipo. Mchenga ndi mchenga.
3. Kukhala chete. Zovala zosawala.
4. Nkhuku, abakha ndi nkhunda za pakhomo siziwerengedwa. Ndafunsa kawiri.

ANangondo: "Mpunga ukucha, anzanu akuingitsa mbalame, inu mukukazipatsa moni?"

Lachiwiri

M'mamawa, pamchenga. Jekete ya khaki, kampando, kope latsopano. Magalasi m'maso: zonse mbuu. Ndikupotokola kagudumu ka pakati, ndikupotokolanso, kenako ngwee!

Kakowa! Woyera mbee, mwendo umodzi m'mwamba ngati waponda paminga. Ndakalamba ndikumuona kakowa, koma lero m'pamene ndadziwa kuti diso lake ndi lachikasu. Mtima ukugunda ngati wa mnyamata.

Akuuluka. Ndikumutsatira ndi magalasi, kumanzere, kumanzerebe, kudutsa bango, mpaka padooko la amayi. Akusamba.

Mfuu!

"Mkulu wa mpingo wathunthu! Pamsinkhu wanuwo!"

Kufotokoza za kakowa uku ukuthawa n'kovuta. Kampando katsala komweko. Nkhani yafika kunyumba ine ndisanafike. ANangondo apita okha kukapepesa, abwera ndi kampandoko pamutu, sakundiyang'ana.

Zaoneka lero:
1. kakowa
2. khwangwala (pothawa)

Lachitatu

Kumtsinje ayi. Ndili m'mbali mwa ngalande ya kusikimu ya mpunga, kutali ndi aliyense wosamba.

Phokoso lake! Zitini, zigubu, mabelu a njinga, ana, agogo, aliyense kukhosi kuli gwa ndi kukuwa. Mbalame ikangotera, anthu asanu aikuwiza. Ine ndekha chigwa chonse ndine ndikufuna kuti ikhale.

Ndikuyang'ana uku ndi uku, ndikulemba. Posakhalitsa amuna atatu andizungulira, kutsogolo kuli aNdau, oyandikana nafe puloti.

"Achimwene, mukuyeza minda? Wakutumani ndani?"

Ndikufotokoza. Akumvetsera bwino lomwe. Kenako aNdau: "Mukaiona mbalameyo n'kutani?" N'kulemba. "Mukalemba n'kutani?"

Ndatseka kope. Ndimufunse Ethel.

3. namzeze
4. njiwa (yothamangitsidwa)

Zatsala khumi ndi zisanu ndi imodzi. Zitheka.

Lachinayi

ANdau abwera ndi mbale yovundikira. Ndikuvundukula: mpheta khumi ndi ziwiri zowotcha, mchere ndi tsabola pambali.

"Musamavutike ndi dzuwa, achimwene. Izi sizithawa. Yang'anani mmene mungafunire."

Munthu wabwino aNdau. Ndalembera Ethel kufunsa ngati zowotcha zimawerengedwa. Wayankha ndi kankhope kolira katatu. Ndadya zisanu ndi ziwiri. ANangondo zisanu, mwakachetechete.

Masana ndikuyeserera pakhonde. Kabawi! Akuzungulira pamwamba pa mtengo wa mango, nthenga iliyonse ikuoneka. Akutsika ngati mwala, wanyamula kanthu. Ndikukaonanso bwinobwino kanthuko. Mwanapiye wathu.

ANangondo: "Mwalemba? Lembaninso kuti anapiye atsala anayi."

5. kabawi

Lachisanu

Ndikulemba izi manyazi ali pankhope.

ANangondo akupita kuchigayo, andisiya pansanja ya papuloti yathu. Ntchito ndi imodzi: mpheta zikabwera, kokani chingwe, zitini zilire.

Zikubwera. Mtambo wathunthu. Dzanja lili pachingwe, ndithu lili pachingwe, koma ndati ndiyambe ndaona kamodzi kokha. Ambuye! Timilomo tofiira ngati tapakidwa utoto, ina nkhope yakuda, ina pachifuwa pofiirira. Ikutera pangala, ngala ikuwerama, iyo ikulendewera chadodolido, ikusenda kambewu kamodzikamodzi mwaukhondo kuposa makina. Ndakhala chete monga mwa lamulo lachitatu.

Sindikudziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Ndikutsitsa magalasi, aNangondo ali pansi pa nsanja, ufa uli m'tsitsi. Sakukalipa. Bola akanakalipa. Akuthyola ngala imodzi, akuifikisa m'manja, akundionetsa. Mankhusu okhaokha. Ngodya yonse ya kum'mawa ili choncho. Mpunga umenewu anawokera okha chowerama, msana ukuwawa, ine ndili kuchipatala.

Akwera, andivula magalasi m'khosi.

"Mudzawaona tikakolola."

6. mpheta

Loweruka

Ine pachingwe. ANangondo pachulu, magalasi m'maso, ngati msilikali.

"Zikuchokera kwa aNdau! Kokani!" Ndikukoka. Mpheta zikubwerera zisanafike n'komwe. "Kumadzulo! Kokani!" Sitinatayepo ngala ndi imodzi yomwe. ANdau akufunsa ngati ku Joniko kuli magalasi ena.

Dzuwa lili paliwombo, pachulu pali zii. Ndikucheuka. Sakuyang'ananso mpunga, akuyang'ana kubango, kukamwa kuli yasa.

Foni ikulira. Ethel. Iye waona khumi ndi zinayi, zina za maina oluma lilime. "Inu, adadi?" Zisanu ndi imodzi. Akuseka mpaka kutsokomola.

Dzanja la aNangondo likutsika pachulu. "Patseni kuno."

Ndikumva ndi makutu angawa: nantchengwa, pumbwa, nkhwali, mnthengu, timba, atsekwe awiri, akakowa a mitundu itatu, wa milomo yachikasu ndi wina, wa milomo yakuda ndi wina. Akufotokoza iti imalira bwanji, iti imamanga chisa kuti. Akuti anaziphunzira ali kamtsikana, akuingitsa mbalame ndi mayi awo, masiku amene ankayang'ana kumsewu kudikira bambo awo.

"Amayi, bwanji simunandiuzepo?"

"Unafunsapo iwe?"

Kenako kuseka, onse awiri. Kenako aNangondo akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akuti ndi fumbi. M'munda wa madzi, fumbi! Akamba mpaka moto wa foni kutha. Mpheta zinabweranso kawiri, ndakoka ndekha wosauzidwa.

Lamulungu

Mpheta sizidziwa Sabata. Tikuchokera kutchalitchi, ine molunjika pansanja, tayi ili m'khosi.

Zotsatira za sabata yonse:
Ethel, khumi ndi zinayi.
ANangondo, makumi awiri ndi zitatu, m'tsiku limodzi.
Ine, zisanu ndi imodzi, chikhatho chotupa, dzina loipa kudooko.

Kope langa alanda. Tsamba langa sanang'ambe, angolipinda. Agwirizana kuti Ethel aziimba Loweruka lililonse, ndipo ine ndizionetsetsa kuti foni ili ndi moto. Udindo ndi udindo.

Madzulo ano akudutsa pansi pa nsanja, magalasi pachifuwa, akulowera kubango. Aima.

"Bambo, dzuwa likapendeka muzichepetsako kukuwako. Mukundithamangitsira akakowa."

Ndafunsa kuti nanga mpheta ndiziingitse bwanji.

"Mwaulemu."

Ndayesa. Ndagwedeza chitini chimodzi pang'onopang'ono, ndanong'oneza kuti chonde pitani kwa aNdau. Imodzi yandiyang'ana, n'kupitiriza kudya.