Ndinawerenga Onse Kupatula Ine

Inu amene mukudikira basi, lekani kuyang'ana wotchi, basiyo siibwera msanga. Senderani kuno ndikuuzeni mmene ine Lonzo Pettway, bambo wa zaka 71, ndinadzimanira nyumba ndi pakamwa panga pomwe.

Zaka makumi atatu ndinagwira ntchito pafakitale ya matayala m'tauni yathu ino ya ku Ohio. Ataitseka anandithokoza ndi kapu yomwera khofi. Kenako mwini nyumba imene ndinkachita lendi anaigulitsa kwa anyamata ena ovala nsapato popanda sokosi, ndipo kuyambira Seputembala ndinayamba kugona m'galimoto yanga kuseri kwa malo ochapira zovala. Galimoto yake ndi yabwino, musaiderere, koma chisanu cha kuno sichiopa chitseko.

Ndiye kunamveka kuti boma la ku Washington latumiza ndalama zothandizira osowa pokhala, ndipo komiti ya m'tauni yagwirizana zolipirira nkhalamba nyumba khumi ndi ziwiri. Nkhalamba zake tinalipo zoposa makumi anayi. Posankha amakufunsa mafunso n'kukupatsa mamalikisi, koma mayeso ake ndi ozondoka: amene moyo wamupondaponda kwambiri ndiye amakhoza. Ine zimenezi sanandiuze. Kapena anandiuza ndili kalikiliki kumanga tayi.

Inde, ndinapita nditavala suti yanga ya pamaliro. Malemu bambo anga ankati pamaso pa boma sumaoneka ngati wagwa mumtengo. Pabenchi ndinapeza Cleotis Rudd, amene tinkagwira naye ntchito kufakitale, kapena ndinene kuti ine ndinkagwira iye akuonerera. Anavala jekete long'ambika, akutsokomola ngati thirakitala yokana kulira.

"Aise Lonzo, wamwalira ndani?"

"Ulemu wako," ndinamuyankha. "Mwambo wake uli mawa."

Wofunsa mafunso anali Mayi Dombrowski, mtsikana wamagalasi, wofatsa. Pamene tinakhala panangotchingidwa ndi chinsalu, ndipo pansi pa chinsalucho ndinkaona nsapato za Cleotis.

"Bambo Pettway, miyezi isanu ndi umodzi yapitayi mwagonekedwa m'chipatala kangati?"

"Ine? Chipatala ndimangochidutsa pabasi." Ndikunena choncho bondo lili ndi zitsulo ziwiri, shuga ali kumwamba.

"Mumadya kangati patsiku?"

"Mpaka zina kutaya."

"Alipo amene amakuopsezani kapena kukuberani?"

"Angoyerekeza."

"Nanga usiku wathawu munagona kuti?"

Apa nsapato za Cleotis zinasendera pafupi. "Kwa mwana wa mlongo wanga," ndinatero. "Ali ndi nyumba yosanja."

Mayiyo anavula magalasi. "Bambo, taganizani bwino. Lamulo la ndalama zimenezi limati wogona kwa m'bale wake, ngakhale pampando, sali m'gulu la osowa pokhala."

"Ndaganiza kale, mayi. Yosanja, ya mabafa awiri."

Mwana wa mlongo wangayo, tikunena pano, alibe ngakhale khola la galu.

Ndinapeza mamalikisi atatu. Cleotis analowa akulira, anatuluka akuimba likhweru, khumi ndi anayi ali m'thumba. Akuluakulu anati manyazi anapha Lambe, koma Lambeyo sindikhulupirira kuti anafa atavala suti.

Mayi Dombrowski si wopusa. Ananditsatira panja, n'kuona pilo ndi bulangete pampando wakumbuyo.

"Kumapeto kwa Januwale timazungulira mbandakucha kuwerenga anthu ogona panja," anatero motsitsa mawu, "chifukwa ndalama za chaka chamawa zimayendera chiwerengero chimenecho. Ndikakupezani m'galimoto ndi maso angawa, ndidzakufunsaninso mafunso aja. Inu mungokhala momwemo. Musachite china chilichonse."

Tamverani ntchito yake: kukhala m'galimoto. Ntchito imene ndinali nditaigwira miyezi isanu popanda wondilipira. Komabe ndinaikonzekera, sabata yathunthu osameta ndevu.

Tsikulo litafika, cha m'ma faifi, kunja kuli mbuu ndi chisanu, minibasi inaima pafupi. Munatuluka anthu odzipereka atavala majekete achikasu, ndipo woyamba kutsika anali Vernell. Vernell ndi mkazi wanga wakale, amene pondisiya anandiuza kuti ndidzafera m'galimoto yomweyi chifukwa ndiyo ndimaikonda. Inu mukanatani? Ine sindikudziwa mmene bondo lazitsulo linadumphira. Ndinangopezeka ndili panja, bulangete nditalikankhira pansi pa mpando, ndikupala chisanu pagalasi ngati munthu amene wangofika kumene.

"A Lonzo? Mukutani kuno nthawi ino?"

"Ndabwera kudzathandiza. Ndamva kuti owerenga akuchepa."

"Ndi ndevu zimenezo?"

"Kuti anthu akewo asandiope."

Mayi Dombrowski anatsinzina ngati akupemphera. Vernell anandiveka jekete lachikasu n'kundipatsa pensulo.

Poti ndayamba kale, ndinati ndiwaonetse. Ndinawatengera pansi pa mlatho, kuseri kwa sitolo yotsekedwa, m'siteshoni yakale ya sitima, malo amene iwo sanawalotepo. Aliyense ndinkamudzutsa ndi dzina lake. Cleotis tinamupeza pamalo odikirira basi atagona pakatoni youma bwino, nsapato zikadali zofunda ngati wangotuluka kumene m'nyumba, ndipo ndinamulemba ndi dzanja langali. Chaka chathacho anawerenga anthu makumi anayi. Tsiku limenelo tinapeza 63. Akanakhala 64, koma winayo anali atagwira pensulo.

Zinandiwawa, moti ndinati basi, ndikaulula pamsonkhano wa komiti. Mukudziwa mmene amachitira: aliyense amapatsidwa mphindi zitatu, patebulo pali kanyali kobiriwira, nthawi ikatha kamafiira. Ndinati ndiyambe ndi mbiri pang'ono kuti amvetse. Ndinanena za fakitale. Ndinanena za kapu. Ndinawakhudza anyamata opanda sokosi, maenje a mumsewu wathu, ndi mtengo wa mazira. Nditangoti, "Tsono kunena za ineyo," kanyali kaja psuu.

Anthu anaomba m'manja. Wapampando, Bambo Haldeman, wogulitsa inshuwalansi, anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri.

"Bambo Pettway, takhala tikufunafuna munthu ngati inu. Malamulo a ku Washington amafuna kuti mukomiti mukhale wina amene moyo wa panja anaulawako. Mpando ulipo, wa chaka chimodzi."

"Kulawako kokha," ndinatero mokweza, chifukwa Vernell anali pamzere wachiwiri. "Kalekale."

Anandisonyeza kathabwa koika patebulo, koti adzalembepo dzina langa ndi zilembo zagolide. Chibadwire dzina langa linali lisanalembedwepo pachinthu china kupatula kalata zonditulutsa m'nyumba. Kenako anatulutsa pepala la masamba atatu.

Mayi Dombrowski anandikoka suti. "Bambo Pettway, muyambe mwawerenga tsamba lachitatu."

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu. Masamba atatu a zilembo zing'onozing'ono ndikanamaliza pa Pasaka, ndikuloza ndi chala, holo yonse ikuonerera. Ndinawatembenuza mofulumira, ndikugwedeza mutu ngati loya.

"Zalembedwa bwino," ndinatero, n'kusaina.

Sabata yotsatira ndinapita ku ofesi ya Mayi Dombrowski popanda suti, popanda Cleotis, n'kuulula zonse: bondo, shuga, galimoto, anyamata amene anandibera batire kawiri. Mayiyo analemba zonse n'kuwonkhetsa mamalikisi.

"Khumi ndi asanu ndi limodzi," anatero. "Palibe wakuposani."

"Ndiye makiyi ndidzatenge liti?"

"Tsamba lachitatu lija munawerenga?"

Anandiwerengera yekha, pang'onopang'ono, ngati akuuza munthu za maliro. Wa mukomiti saloledwa kulandira nyumba yochokera pa ndalama zimene iye akuthandiza kugawa.

"Ndiye ndikutula pansi udindo lero lomwe."

"Ngakhale mutule, chaka chiyambe chatha."

Pamsonkhano wa Malichi ndinakhala kuseri kwa kathabwa kanga kagolide, Bambo Haldeman akuwerenga mayina. Anthu khumi ndi mmodzi oyambawo sindikuwadandaula, ndi ovutikadi, ena ndinawadzutsa ndekha pansi pa mlatho. Wachikhumi ndi chiwiri, amene analowa pamalo pamene pakanakhala ine, anali Cleotis Rudd.

"Ovomereza akweze dzanja."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Manja onse anali m'mwamba, ndipo wojambula wa nyuzipepala anali ataloza kamera kwa ine. Ndinakweza. Chithunzicho chinatuluka patsamba loyamba, ndikumwetulira.

Cleotis anandipeza panja akuseweretsa makiyi pachala.

"Bwana wa komiti, zikomotu. Uzibwera kudzasamba Lachiwiri."

"Madzi ako sindiwafuna."

"Nanga malo oimikapo galimoto? Nyumba iliyonse ili ndi ake, ndipo ine ndilibe ngakhale njinga. Pali denga, mphepo siifika."

Ndinafuna kumutukwana. Koma mwini malo ochapira zovala anali atandichenjeza kale kawiri, ndipo denga ndi denga. Choncho ndinasamuka. Panopa ndimakhala pa nambala 12, yolembedwa pansi ndi penti yoyera, pansi penipeni pa zenera la Cleotis. M'mawa uliwonse amatsegula katani, kapu ili m'manja, n'kundifunsa ngati a komiti agona bwino.

Basi yanu ija ndi iyo ikubwera, ndimalize. Lachinayi likudzali komiti ikukumana, ndipo nkhani yoyamba ndi dandaulo la anthu a m'nyumba zija, loti pali nkhalamba ina imene ikugona m'galimoto pamalo pawo n'kumayanika sokosi pagalasi. Bambo Haldeman andiuza mwaulemu kuti popeza nkhaniyo ikundikhudza, ikadzayamba ndidzatuluke, ndikadikire panja.

Ndawauza kuti asadandaule. Pa ntchito zonse za mukomitimo, imeneyo yokha ndiyo ndimaidziwa bwino.